Kōhanga Reo ya mwana wanga kuno ku New Zealand, ndikuipatsa 4 pa 5

Amalawi anzanga angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti mwana ndinamuika sukulu iti, ndiye ndingoyankha kamodzi basi. Bambo ake ndi Mmaori (mtundu wa eni nthaka a kuno), ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo titayamba kusaka nazale apongozi anga ananeneratu kuti mdzukulu wawo akupita ku Kōhanga Reo, zokambirana panalibe. Yathuyi ili chakuno ku Wellington, dzina sinditchula.

Izi ndi sukulu za mkombaphala zomwe amayendetsa Amaori eni ake, mkatimo mumalankhulidwa Chimaori chokhachokha (eni ake amati te reo Māori), Chingerezi umachisiya pageti. Yoyamba inatsegulidwa mu 1982 ku Wainuiomata akuluakulu awo ataona kuti chilankhulo chikupita, ana ochidziwa anatsala ochepa zedi chifukwa makolo ndi agogo awo ankakwapulidwa kusukulu akachilankhula ndiye ambiri anangosiya kuphunzitsa ana awo. Anaitenga nkhaniyi ndi mabanja ndi agogo, amayi ngati malemu Iritana Tāwhiwhirangi kuyendayenda kulimbikitsa anthu, pofika 1987 boma linachita kukhazikitsa lamulo loti ndi chilankhulo chovomerezeka cha dziko. Za kukwapulazo ine zinandiwawa, paja kwathu kuli masukulu ena apulaiveti omwe mwana akalankhula Chichewa amapatsidwa chibalo, eti ndiye chitukukocho.

Chandigwira mtima kwambiri ndi agogo aakazi, eni ake amati kuia. Kusukulu yathuyi kuli gogo wina amabwera m'mawa, alibe buku kapena choko, amangokhala pansi tiana n'kumuzungulira, ayambe pemphero, kenako nyimbo, kenako nthano, mwana akalakwitsa mawu samukalipira amangobwereza bwinobwino mpaka alowe. Aphunzitsi amene ali ndi mapepala awo amamupatsa ulemu wonse, akalankhula iye nkhani yatha. Nsapato zimavulidwa pakhomo, chakudya sadya osapempherera, ndipo kukhala patebulo ndi mwano waukulu, mwana wanga anandidzudzulapo kunyumba nditangotsamira m'mphepete mwa tebulo ndikuyankha foni, kamwana ka zaka 3!

Ndiye pali chomwe amati pepeha, mwana aliyense amaphunzira kunena phiri lake, mtsinje wake ndi fuko lake asanatchule dzina. Ndinkaganiza kuti angotengera za bambo ake koma aphunzitsi anandiitana kundifunsa za kuchikazi, ndinawauza phiri la Dedza ndi mtsinje wa Linthipe, anachita kulemba n'kundipempha nditchule mobwereza kuti asaphonye. Pano amaima kutsogolo kwa anzake, manja m'mbali, "Ko Dedza te maunga, ko Linthipe te awa." Ndinatumiza vidiyo kwa mayi anga kumudzi, anaonetsa mpingo onse.

Koma musanamizike, si malo ongotula mwana n'kuthamangira kuntchito ayi. Makolo ndinu eni sukulu, pamakhala misonkhano, kukonza pabwalo Loweruka, kuphika pakakhala mwambo, kugulitsa zinthu posaka ndalama, ndipo kwa ife amashifiti zimapweteka ndithu, nthawi zina ndimafika ndili ndi tulo tokhatokha. Misonkhanoyo mbali yaikulu ndi Chimaori, poyamba ndinkangoti duu kumwetulira osamva kanthu mpaka ndinalembetsa makalasi amadzulo. Nyumba ya sukulu yathuyi ndi yakalenso, mu July kumazizira. Apa ndi pamene nyenyezi imodzi yagwera.

Ena amandifunsa kuti nanga Chingerezi adzachidziwa? Aaa, icho amangotola yekha pa TV ndi kwa ana oyandikana nawo, cholira ine ndi Chichewa chomwe chikutsalira, ndikamuti "bwera udye" amandiyankha m'Chimaori, moti pano ndayamba kumuimbira nyimbo zakwathu pogona kuti tipikisane ndi gogo uja.

Kusukulu yathuyi ana omwe si Amaori amawalandiranso bola makolo muvomere kutenga nawo mbali. Lembetsani msanga chifukwa ife tinadikira ndithu kuti malo apezeke, komanso ganiziranitu kuti akamaliza apita kuti, kuli mapulaimale a Chimaori otchedwa Kura Kaupapa Māori omwe anayamba mu 1985 koma sapezeka dera lililonse, ife yoyandikira ndi yokwera basi.