Suvarnabhumi kapena Don Mueang, koonera ndege ku Bangkok nkuti?

Anzanga amene mumapita ku Bangkok kukaoda zovala ku Pratunam mwakhala mukundifunsa funso limodzimodzi, eti tikatsala ndi tsiku tisanabwerere ndege tikaonere kuti, ku bwalo la ndege la Suvarnabhumi kapena la Don Mueang? Ndayankha mmodzimmodzi pa WhatsApp mpaka ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi zonse. Za kukula kwa mabwalowa ndi kuchuluka kwa anthu odutsapo sindikambako, zimenezo ngakhale Google ikuuzani. Ine ndikukamba za munthu amene wanyamula kamera olo foni chabe, akufuna aione ndege ikutera ndi maso ake, aimve kulira kwake, awerenge nambala ya kumchira.

Chilungamo chake, ndege zikuluzikulu zili ku Suvarnabhumi. Chitsegulireni bwaloli mu Seputembala 2006 pafupifupi ndege zonse za maulendo ataliatali zimatera kumeneko, A380 ya Emirates, ma 777 ndi ma A350 a Thai Airways a mchira wa pepo aja, Qatar, EVA Air, ya Ethiopian yomwe ambirife imatibweretsa kuchokera ku Addis Ababa, komanso tindege ta Bangkok Airways tojambulidwa nyanja ndi mitengo ya kokonati. Mu 2024 anatsegulanso runway yachitatu. Pa nkhani ya mitundu ya ndege palibe mpikisano, Suvarnabhumi yawina, tipitirire.

Vuto nloti ndegezo zilipo koma pozionera mpovuta. Mkati mwa terminal muli malo oonerapo pa level 7, aulere, safuna tikiti, umangokwera kuchokera pa level 4 pomwe anthu amachita check-in. Pokhala mpabwino, pozizira, phokoso lochepa. Koma uli kuseri kwa galasi, kutsogolo kwa galasilo kuli zitsulo zikuluzikulu zogwira denga, kupitirira apo madenga a makonde opita ku ma gate, nde nthawi zambiri umangoona mchira ukuyenda kuseri kwa nyumba, runway ili uko cha m'mbali. Mazenerawo anayang'ananso kum'mwera, ndipo mu Disembala ndi Januwale dzuwa limayenda mbali yomweyo tsiku lonse, chithunzi chimatuluka chakuda. Kudikirirapo ndege yako ndi bho. Koma kunyamuka dala mtauni kuti ukakhale pamenepo, ayi.

Nchifukwa chake okonda ndege amakagona ku Lat Krabang, dera la kumpoto kwa bwaloli, komwe kuli timahotelo tambirimbiri ndipo tina timadzitsatsa kuti tili ndi runway view. Apa mpomwe ndinapwetekedwa ine, ndipo mumve bwinobwino chifukwa ndalama ya geni siibwera mophweka.

Ndege imatera komanso kunyamuka moyang'anizana ndi mphepo. Ku Bangkok miyezi yambiri mphepo imachokera kum'mwera, nde ndege zimalowa kuchokera kumpoto, kudutsa pamwamba pa Lat Krabang zili pansipansi, matayala atatuluka kale, ukakhala padenga nthawi imeneyo umachita kumva pachifuwa injini ikamadutsa. Koma kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale kumaomba mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa, masiku ambiri zinthu zimatembenuka, ndege zimatera kuchokera kum'mwera, mbali ya msewu wa Bang Na-Trat, makilomita angapo kuchoka pomwe iwe waima. Chomwe chimadutsa ku Lat Krabang ndi ndege zonyamuka, zakwera kale, umangoona mimba. Ma runway akumeneko ngaatali, ina ndi mamita 4,000, nde ka A320 pomwe kazifika pamutu pako kali kale m'mitambo.

Ine ndinapita mu Disembala, nthawi yomwe ambirife timakaoda za Khirisimasi. Ndisanalipire kalikonse ndinawalembera a hotelo inayake nkuwafunsa mosazungulira ngati mwezi umenewo ndege zikutera mbali yawo. Anayankha kuti eya, tsiku ndi tsiku, nkutumiza ndi chithunzi chomwe cha 777 ili pamwamba penipeni pa denga lawo. Chipinda cha mbali ya bwalo chinali chodulirapo kuposa zinazo, ndinalipira osadandaula. Kufika, zenera silitseguka, analikhomerera, ndipo galasi lake anamata pulasitiki yakuda yotchinga dzuwa yomwe inali itayamba kale kutupa timatuza, ukaika lenzi chilichonse chimatuluka chofiirira. Ndinatsika kukafunsa za padenga, mtsikana wa pa risepushoni akuti padenga mpa bala, amatsegula 5 koloko madzulo ndipo ukakwera uyenera kugula chakumwa pa mtengo wawo, ukafuna kukwera masana pali ndalama ina yoti mlonda akatsegule chitseko. Zimenezi sizinalembedwe paliponse pomwe ndimabuka. Ndipo mu Disembala ku Bangkok dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndiye kuti bala yawoyo imakupatsa ola limodzi lokha la kuwala.

Ndinalipiranso ndalama ya mlondayo chifukwa ndinali nditafika kale. Ndaima padengapo thukuta lili kamukamu, Flightradar24, app ya pafoni yoonetsa pomwe ndege zili, ikundionetsa A380 ikubwera, ndikuiona pafoni ikukhotera mbali ya kunyanja, ikutsika, mpaka yatera uko kum'mwera, maso anga anangoona kamchira kakuyenda pakati pa nyumba patali. Mlondayo, bambo wachikulire wofatsa, sitimamvana chilankhulo, koma anandigwira paphewa nkuloza kambendera kapadenga mmene kamaulukira, kenako kuloza kum'mwera, nkupukusa mutu. Bamboyo amadziwa. Ngati mlonda amadziwa ndiye kuti amene ananditumizira chithunzi uja amadziwanso, ndipo chimenechi nchomwe chimandiwawa mpaka lero kuposa ndalamayo. Akanangondiuza kuti achimwene mwezi uno mphepo yatembenuka, ndikanagonabe pomwepo m'chipinda wamba, bwenzi pano ndikukutumizani inu nonse kumeneko. Nditapempha kuti andibwezere olo ndalama yoonjezera ya chipinda yokha anati runway ikuoneka pazenera, nde sananame.

Mwina mukuti vuto ndi hoteloyo osati bwalo, zoona, koma bwalo lomwe pozionera ndege bwino mpa denga la munthu wina limakusiya m'manja mwa anthu ngati amenewa.

Mayendedwe onse awiri savuta. Ku Suvarnabhumi kuli sitima ya Airport Rail Link kuchokera ku Phaya Thai, 45 baht (ndalama yakumeneko) mpaka kumapeto, ndipo siteshoni ya Lat Krabang ndi yomaliza usanafike pabwalo. Ku Don Mueang kuli sitima ya Red Line kuchokera ku Bang Sue yomwe inayamba mu 2021, kapena basi ya A1 yochokera ku Mo Chit. Takisi ukaikwerera pabwalo, kulikonse pa awiriwa, pali 50 baht yoonjezera pa mita, ndi ndalama za pa toll ulipira ndiwe. Ma ATM akumeneko amadula ma baht oposa 200 nthawi iliyonse ukatapa ndi khadi yakunja, nde tapani kamodzi osati pang'onopang'ono.

Tsono Don Mueang. Ndinene poyera kuti ndimalikonda bwaloli ndipo sindibisa. Linayamba mu 1914, ndi limodzi mwa mabwalo akale kwambiri padziko omwe akugwirabe ntchito, analitseka mu 2006 pomwe Suvarnabhumi imatsegulidwa, nkulitsegulanso mu 2007, madzi osefukira a 2011 analowa mpaka pa runway likatsekedwanso miyezi ingapo, koma lero ndi pomwe pali phwamwamwa wa ndege zotchipa, Thai AirAsia, Nok Air, Thai Lion Air. Nyumba zake nzakale, denga lotsika, palibe zokongoletsa zambiri, koma anamanga motalika m'mbali mwa runway, ndiye ukapeza zenera la m'mwamba loyang'ana kum'mawa zonse zili pamaso pako, ndege yoimika pa gate, ina ikukankhidwa chambuyo, ina ikuthamanga pa runway kuseri kwake. Amene tinakula tikukwera pakhonde la m'mwamba ku Chileka kukaonera ndege mukumvetsa chomwe ndikunena, kuyandikira kuja koti umaona woyendetsa akugwedeza dzanja kwa anyamata apansi. Nako kuli galasi, sindikukana, koma palibe nyumba ina pakati pa iwe ndi ndege, ndipo ukagunditsa lenzi pagalasi nkuphimba ndi juzi yakuda chithunzi chimatuluka bwinobwino. Mupite masana, kuyambira 1 koloko kupita uko, dzuwa likakhala kumbuyo kwanu. M'mawa limakulasani m'maso.

Mphepo ikatembenuka ku Don Mueang sizikukhudza kwenikweni chifukwa uli cham'mbali, ndege ingochokera kumanja m'malo mwa kumanzere basi.

Anthu amati ndi ma A320 ndi ma 737 okhaokha, amatopetsa. Kwa ine ayi. Za Nok Air zija anazijambula mlomo wa mbalame wachikasu kumphuno ndipo thupi lililonse ndi mtundu wake, AirAsia nayo ili ndi ndege zambiri zopentedwa mwapadera, nde ngati umalemba manambala kabuku kamadzadza msanga chifukwa ndege zimangotsatana. Ndiye pali chinthu chomwe simungachione kwina, pakati pa ma runway awiriwo pali bwalo la gofu la Kantarat, la asilikali a ndege a dzikolo, mabowo 18, anthu akumenya mpira wawo ndege ikudutsa pambali, podutsa pomwe ndege zimayenda amadikira getsi lofiira lizime. Ukakhala pazenera umawaona ndi timaambulera tawo. Koma musaganize zongolowa kumeneko ndi kamera ngati paki, ndi malo a asilikali.

Ndipo apa ndichenjeze ndithu. Mbali ya kum'mawa kwa bwaloli ndi kampu ya Royal Thai Air Force, ndege zawo zonyamula katundu za C-130 zimanyamuka pomwepo ndipo kuziona nkosangalatsa, koma osamakayenda m'mbali mwa mpanda wa mbali imeneyo mukuloza lenzi yaitali mkati. Pasipoti muziyenda nayo, wa chitetezo akakufunsani muonetseni zithunzi mwaulemu, akati siyani musiye. Ndife alendo, ndipo munthu wakuda ali ndi kamera yaikulu pampanda wa bwalo la ndege amaonekera patali.

Chomwe chimamaliza nkhani kwa ine ndi nyumba yosungira ndege zakale ya Royal Thai Air Force Museum pa msewu wa Phahonyothin, kuseri kwa Don Mueang komweko. Kulowa ndi ulere, sitima ya BTS ili ndi siteshoni ya dzina lomwelo pakhomo penipeni kuyambira mu Disembala 2020. Muli Curtiss Hawk III ndi Vought Corsair ya mapiko awiri osanjikiza, za m'ma 1930, zomwe ndi zokhazo zotsala padziko lonse, muli Spitfire, muli ma F-5, zina zili panja umachita kuzizungulira nkusuzumira m'ma injini. Nde tsiku limayenda lokha, m'mawa pomwe dzuwa lili loipa ku terminal uli ku museum, masana wadya mpunga wako wotchipa wapamsewu, kenako wakakhala pazenera mpaka madzulo. Ku Suvarnabhumi kulibe chofanana nacho.

Nyengo imavutitsa onse mofanana. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi mumzindamo mumakhala utsi ndi fumbi m'mwamba, kumwamba kumaoneka kotuwa, Epulo ndi ng'anjo ndipo kutentha kwa pa tala kumagwedeza chithunzi chilichonse chojambulira patali. Apanso kuyandikira kwa Don Mueang kumathandiza. Nthawi ya mvula, Meyi mpaka Okutobala, mvula ikangokata kumayera bwino, ndipo ndi miyezi yomwenso Lat Krabang imagwira ntchito.

Za basi yaulere yoyenda pakati pa mabwalo awiriwa, ilipodi, koma amafuna uonetse tikiti ya ndege yomwe ukukakwera ku bwalo linalo, nde musawerengere kuti muonera ndege mbali zonse tsiku limodzi osalipira transipoti. Ulendo wake nawo umadya ola kapena kupitirira kukakhala jamu.

Nde mukandifunsa ine, tsiku limodzi lomwe mwatsala nalolo kaliwonongereni ku Don Mueang, makamaka amene mumapita kumapeto kwa chaka. Ndege zikuluzikulu za ku Suvarnabhumi mudzazionabe tsiku lobwerera, ingofikani msanga, mukadutsa imigireshoni muziyenda mpaka kumapeto kwa makonde a ma gate, mazenera akumeneko amaonetsa bwino kuposa level 7 ndipo simulipira kanthu. Amene mtima wanu uli pa A380 ikudutsa pamutu, pitani ku Lat Krabang pakati pa Malichi ndi Okutobala, mutsegule Flightradar24 masiku angapo musananyamuke muone mbali yomwe zikutera, mubuke usiku umodzi kaye m'chipinda wamba, ndipo a hotelo akulembereni mu meseji nthawi yomwe padenga amatsegula, ndalama yake, komanso ngati zenera la chipindacho limatseguka.