Membrane yatsopano ya ZX Spectrum: mabatani a labala adzukanso

ZX Spectrum yanga ya 48K, kompyuta yakale ya ku Britain yopangidwa ndi kampani ya Sinclair Research, inagona m'kabati zaka zambiri chifukwa cha mabatani asanu okha. H, J, K, L ndi ENTER anangosiya kuyankha. Amene anaigwiritsapo ntchito kompyuta imeneyi akudziwa kale kuti kumeneko ndi kufa: batani la J ndi limene limalemba LOAD, lamulo lolowetsera pulogalamu kuchokera pa kaseti, ndipo popanda ENTER palibe lamulo lomwe lingalowe. Makina ankayaka bwinobwino, mawu aja a Sinclair Research ndi chaka cha 1982 n'kuoneka m'munsi mwa kanema, koma kuchoka pamenepo ayi ndithu. Mwezi watha ndinagula membrane yatsopano kwa ena amene amapanga zida zosinthira makompyuta akale, ndipo ndaigwiritsa ntchito masabata atatu tsopano.

Ndiyambe ndafotokoza chinthucho. Pansi pa mabatani a labala a Spectrum palibe swichi ngakhale imodzi. Pali chinsalu chimodzi cha labala chomwe mabatani onse 40 anaumbidwira pomwepo, ndipo pansi pake pali timapepala ta pulasitiki tosanjikizana, tokhala ndi njira zopyapyala zoyendamo magetsi. Ukadina batani, pepala lapamwamba limakhudza lapansi podzera pa kabowo ka pepala lapakati. Imeneyo ndiyo membrane. Ili ndi michira iwiri yolowa mu bolodi, wina wa njira 8, wina wa njira 5. Mabatani anagawidwa m'timagulu 8 ta mabatani asanuasanu, n'chifukwa chake njira imodzi itathyoka pa mchira wa 8, anafa asanu oyandikana nthawi imodzi. Ikanathyoka pa mchira wa 5, bwenzi atafa mabatani 8 omwazikana, mwachitsanzo 1, Q, A, CAPS SHIFT, 0, P, ENTER ndi SPACE. Nditatsegula ndinapeza zomwe ndinkayembekezera: mchira wouma gwaa, wosweka pamene umapindikira. Pulasitiki yomwe yakhala ikumva kutentha kwa m'katimo zaka zoposa 40 sindingaiimbe mlandu.

Kuika yatsopanoyo si ntchito yovuta, koma pali malo amodzi ofuna mtima wautali. Ukamasula masikuluu asanu a pansi n'kuzula michira yakaleyo, umafunika kuchotsa chitsulo chopyapyala chapamwamba chija, cholembedwa malamulo a BASIC, chinenero cholembera mapulogalamu pa kompyutayi. Pa yanga chinamatidwa ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri. Ndinachitenthetsa pang'ono ndi chowumitsira tsitsi, n'kumachinyamula pang'onopang'ono ndi kakhadi ka pulasitiki. Ukachikoka ndi mphamvu chimapindika, ndipo chikapindika sichibwereranso mwakale. Wogulitsayo sanaikemo tepi yatsopano, ngakhale kapepala kochenjeza za zimenezi. Apa ndiye sindinakondwe, chifukwa munthu woyamba kumene angawononge chitsulo chomwe n'chovuta kupeza kuposa membrane imene akusinthayo.

Membrane yeniyeniyo ndi yabwino. Mabowo ake anagwirizana ndi timitengo ta pulasitiki toigwira popanda kudula kalikonse. Michira ndi yokhuthala kuposa yakale, choncho inavutirapo kulowa, koma italowa inagwira nganganga. Ndinayesa mabatani onse limodzilimodzi, onse anayankha. Kenako ndinayesa chinthu china chimene ndimachikonda: kudina CAPS SHIFT, V ndi B pamodzi pulogalamu ya BASIC ikuyenda. Popeza palibe diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) pa batani lililonse, magetsi amadutsa m'njira za mabatani atatuwo n'kuoneka ngati SPACE nayo yadinidwa, ndiye kompyuta imaganiza kuti wadina BREAK, yomwe ndi CAPS SHIFT ndi SPACE pamodzi, yoimitsira pulogalamu. Inaimadi. Ndinaseka ndekha, poti ngakhale chilema chake chabwerera.

Nanga mabataniwo akumveka bwanji ku zala? Ofewa, opanda phokoso, ndipo sadziwitsa chala kuti chafika. Chimene chimakuuza ndi kaphokoso kakang'ono kochokera mu sipika. Ku Britain ena ankawafanizira ndi mnofu wa chinthu chakufa, ndipo ukawakhudza m'mawa kukuzizira umamvetsa. Komabe ine ndimawaikira kumbuyo. Spectrum sinapangidwe kuti uzitayipa chilembo ndi chilembo ngati pa taipilaita. Ukadina P pa chiyambi cha mzere imalemba PRINT yonse, R imalemba RUN, G imalemba GO TO. Pa ntchito yotere zala sizithamanga, zimasaka. Ndipo tisaiwale kumene Sinclair ankachokera. ZX81 ya mu 1981 inali ndi kiyibodi yafulati, yopanda batani lotuluka, ngati mmene inalili Atari 400 ya mu 1979. Rick Dickinson, amene anajambula maonekedwe a ZX81 ndi Spectrum yomwe, anaonjezera labala pamwamba pa membrane, chala n'kupeza pogwira, mtengo osakwera kwambiri. Spectrum ya 48K inkagulidwa £175 itangotuluka, pamene BBC Micro Model B, yokhala ndi swichi yakeyake pa batani lililonse, inkaposa pamenepo kawiri.

Ndili ndi Commodore 64 pa tebulo lomwelo, ndiye kuyerekeza sikusowa. Ija ili ndi mabatani olimba okhala ndi sipuling'i, ndipo pansi pa batani lililonse pali kalabala kodutsa magetsi kamene kamagunda pa bolodi. Kulemba kalata pamenepo n'kosangalatsa kuposa pa Spectrum, palibe mtsutso. Ikayamba kuvuta umangopukuta fumbi pa bolodi, pomwe membrane ikasweka mchira umangosintha yonse. Koma si kuti mabatani olimba onse anali opanda vuto. TRS-80 Model I ya mu 1977 inkadziwika ndi kubwereza zilembo: udina kamodzi, zituluka ziwiri, chifukwa tizitsulo ta m'swichi tinkanjenjemera tisanakhazikike, mpaka panatuluka kapulogalamu ka KBFIX kochepetsa vutolo. Labala alibe khalidwe limenelo kwenikweni.

Kwa amene ali ndi Spectrum+, ija ya mu 1984 ya mabatani olimba, musagule membrane imeneyi. Yanu nayonso ili ndi membrane pansi, koma ndi ya mtundu wina, yaikulu komanso ya mapepala ochuluka, ndipo sizisinthana.

Chimene sindingalonjeze ndi kukhalitsa kwake, masabata atatu ndi ochepa. Ndaonetsetsa kuti michira yapinda mozungulira, osati mothyoka, ndiponso kuti sikukhudza chitsulo chimene chimatentha m'katimo. Usiku wa tsiku loyamba ndinalumikiza kaseti, ndinadina J, kenako SYMBOL SHIFT ndi P kawiri kuti palembeke LOAD "", n'kumaliza ndi ENTER. Mizere yofiira ndi yobiriwira motuwa inayamba kuyenda m'mphepete mwa kanema, ndipo ndinakhala mphindi zinayi ndikumvetsera kulira kwa tepi, zala zili chire pa Q, A, O ndi P, mabatani amene magemu ambiri amagwiritsa ntchito.