Rhubarb wa mumdima wa ku Yorkshire: wokoma ndithu, koma musamuphikire chilichonse

Kuyambira mu Januwale mpaka chakumapeto kwa Malichi, nthawi imene ku Britain anthu amapatsana moni ndi dandaulo la kuzizira, m'masitolo akuluakulu ndi m'misika ngati Kirkgate ya ku Leeds mumaoneka timitolo ta mapesi apinki owala, opyapyala ngati chala, okhala ndi timasamba tachikasu tokwinyika kumutu. Papepala pamalembedwa kuti Yorkshire Forced Rhubarb, kutanthauza rhubarb, mbewu ya mapesi owawasa, wokulitsidwa mumdima ku Yorkshire. Nthawi zambiri amamanga magalamu 400, ndipo mtengo wake umaposa wa rhubarb wa m'munda amene amabwera mu Epulo. Kwa munthu amene anakulira bwemba, malambe ndi chidede, kuwawasa kwake si kwachilendo. Chimene chimafunika kudziwa n'chakuti ndalama yowonjezerayo mukulipirira chiyani, ndiponso kuti ndi chakudya chiti chimene chimaibweza.

Chigamulo changa n'chakuti ndi woyenera mtengo wake ngati mumuwotcha mofatsa mu uvuni n'kumudya akuoneka mmene alili. Ngati mukufuna jamu kapena crumble, chakudya chotsekemera cha mu uvuni chowazidwa fulawa wa batala ndi shuga pamwamba, dikirani wa m'munda. Kuika wa mumdima mu jamu n'kuwononga ndalama, chifukwa zonse zimene mwalipirira, mtundu, kufewa ndi fungo lake losalimba, zimathera mu shuga wowira.

Koma tisanafike kukhitchini, pali nkhani ya masamba, ndipo iyi ndi yathu kwambiri kuposa azungu. Ife dzanja limathamangira ku masamba. Dzungu timadya nkhwani, mbatata kholowa, chinangwa chigwada, nyemba khwanya. Munthu akaona tsamba la rhubarb wa m'munda, lalikulu ngati la koko, lobiriwira bwino, maganizo amamuuza kuti ndiwo ndi izi. Ayi. Masamba a rhubarb sadyedwa. Ali ndi asidi wotchedwa oxalic wambiri, amene amawotcha kukhosi, kusanzitsa ndi kuwononga impso. Chigwada timachisinja n'kuchiwiritsa nthawi yaitali poizoni wake n'kuchoka, koma njira imeneyo siigwira ntchito pano, ndipo kuthira soda ngati mmene timachitira ndi therere kumawonjezera vuto, chifukwa asidiyo amasanduka mchere wosungunuka umene thupi limayamwa msanga. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, chakudya chitasowa ku Britain, anthu analangizidwa kudya masambawa ndipo ena anadwala nawo. Dulani tsamba ndi kachidutswa ka phesi kamene kali pansi pake, tayani, musapatsenso akalulu kapena nkhuku. Phesi nalo lili ndi asidiyu pang'ono, kotero amene anavutikapo ndi timiyala ta mu impso asamadye kawirikawiri.

Mtengo umachokera ku kalimidwe kake. Rhubarb ameneyu amalimidwa m'kachigawo kakang'ono pakati pa Wakefield, Morley ndi Rothwell ku West Yorkshire, kamene amakatcha Rhubarb Triangle. Mizu imakhala m'munda zaka ziwiri osathyolako kanthu, ikungosunga chakudya. Alimi akhala akuthira manyowa ndi zinyenyeswa za ubweya wa nkhosa zochokera m'mafakitale a nsalu a m'deralo, zimene zimawola pang'onopang'ono. Kenaka amadikira chisanu. Mbewuyi kwawo ndi kumadera ozizira a ku Asia, ndipo muzu wake sudzuka mpaka utamva kuzizira kokwanira, choncho alimi amawerengetsa masiku ozizira asanaukumbe. Chaka chimene Novembala wafunda, rhubarb amachedwa kufika m'sitolo kapena amatuluka wowonda. Ndiye mukamva anthu a ku Wakefield akuyamikira chisanu pamene ena onse akudandaula, chifukwa chake n'chimenecho.

Mizu ikakumbidwa amainyamula ndi manja kukaiika m'mashedi aatali, afupi denga, ofunditsidwa, opanda kuwala ngakhale pang'ono. Mmenemo mbewu imakula ndi chakudya cha mu muzu chokha, ikufunafuna dzuwa limene kulibe. Imakula mofulumira moti m'shedi mukakhala chete mumamveka kuthetheka kwa mphukira zikung'amba khungu lake. Pokolola amayatsa makandulo, chifukwa nyale yowala ingachititse mapesi kuyamba kubiriwira ndi kulimba. Phesi lililonse amalizula ndi dzanja, sadula ndi mpeni, poopa kuti chitsa chotsala chingawole n'kudwalitsa muzu. Nyengo ikatha muzuwo umakhala watheratu mphamvu. Zaka ziwiri za m'munda, kukolola kwa milungu yochepa. Mu 2010 dzinali linatetezedwa ndi lamulo la European Union, kotero rhubarb wolembedwa kuti Yorkshire Forced Rhubarb ayenera kuchokera m'deralo ndi kulimidwa mwanjira imeneyi. Werengani pepala bwino, chifukwa wina wa mumdima amachokera ku Netherlands. Si woipa, koma kawirikawiri fungo lake limachepa. Mu Febuluwale mzinda wa Wakefield umakhala ndi chikondwerero cha rhubarb, ndipo kumeneko ndi kumene mungamupeze wongozulidwa kumene.

Posankha, gwirani phesi chakumunsi n'kuliimika. Labwino limaima chilili, khungu lake lili see, ndipo mukalithyola limati thyo, madzi n'kuoneka. Likawerama ngati chingwe ndiye kuti lakhalitsa. Yang'ananinso kumapeto: kukakhala kwabulawuni, koterera kapena kong'ambika n'kupiringizika, siyani. Kunyumba chotsani timasamba nthawi yomweyo chifukwa timayamwa madzi a m'phesi, kulungani mapesi m'pepala lonyowa pang'ono, ikani m'firiji. Wa mumdima sachedwa kufota. Masiku atatu kapena anayi ndi okwanira.

Cholakwa chachikulu chimene anthu amachita ndi kumuika mumphika, kuthira madzi, kuwiritsa n'kumatakasa. Rhubarb ndi madzi okhaokha, kupitirira magawo 90 pa 100. Ukangomuthira madzi ena n'kumutakasa, m'mphindi zisanu wasanduka phala la ulusiulusi, lotuwa, ndipo ndalama zija zapita. Njira yabwino ndi ya mu uvuni. Pa magalamu 400, tsukani, musasende khungu chifukwa mtundu wonse uli mmenemo, dulani zidutswa za masentimita 5. Yalani m'mbale ya galasi kapena yadothi mosasanjikiza. Wazani shuga magalamu 70, finyirani theka la lalanje, ndi kupalira khungu lake pang'ono pamwamba. Madzi ayi. Vundikirani ndi foyilo, koma isakhudze mapesi, ikani mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 15. Mukatero bayani chidutswa chonenepa ndi nsonga ya mpeni. Mpeni ukalowa mosavuta koma chidutswa chikadali ndi maonekedwe ake, tulutsani. Ukakana, onjezerani mphindi zitatu zokha n'kuyesanso. Pakati pa kupsa ndi kuphwanyika pali mphindi ziwiri kapena zitatu basi, choncho iyi si nthawi yoyankha foni.

Mukatulutsa musakhudze. Musiyeni azizire m'mbale momwemo, chifukwa akadali wotentha amasweka ngakhale ndi supuni, koma akazizira amalimbako ndipo amayamwa madzi ake aja. Zimene mumapeza ndi zidutswa zapinki ngati duwa, zitagona mu msuzi wofiira woonekera mpaka pansi pa mbale. Pakamwa zimasungunuka popanda ulusi, kuwawasa kumabwera koyamba, kukoma n'kutsatira, ndipo mano sayayamira ngati mmene amachitira ndi wa m'munda. Apa ndi pamene rhubarb wa mumdima alibe mnzake.

Za mphika ndiyenera kunenetsa, chifukwa ambiri tinazolowera mapoto a aluminiyamu ndipo ena tinabwera nawo kuchokera kumudzi. Asidi wa rhubarb amadya aluminiyamu, chitsulo chakuda ndi kopa. Poto amatuluka wowala ngati watsopano, koma chakudya chimada n'kumamveka chitsulo. Gwiritsani ntchito poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, galasi kapena mphika wa enamelo wosasupuka. Ngati mulibe uvuni, ikani zidutswa ndi shuga mupoto wotakata, zisiyeni theka la ola kuti shuga atulutse madzi, kenaka ikani pamoto wochepa mutavundikira kwa mphindi 6 mpaka 8. M'malo motakasa, gwedezani poto.

Azungu amamudya ndi kasitadi, ndipo sanalakwitse, chifukwa mafuta a mkaka amaphimba kuwawasa. Chenjezo n'lakuti mukasakaniza rhubarb wotentha ndi mkaka, kirimu kapena yogati, asidi amadula mkakawo n'kukhala ngati chambiko. Dikirani azizire, ndipo muike pamwamba m'malo movundula. Pa phala la m'mawa, kaya la oats kaya la mgaiwa, masupuni awiri ndi msuzi wake amakwana, shuga wina osafunikanso. Jinja amagwirizana naye kwambiri, koma pa wa mumdima ikani kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo, apo ayi mudzangomva jinja yekha. Amakomanso ndi nsomba yamafuta ngati mackerel ndi nyama ya nkhumba: chepetsani shuga afike magalamu 25, onjezani anyezi wokazinga, mchere ndi tsabola pang'ono. Ntchito yake pambale imafanana ndi ya ndimu pa chambo chowotcha.

Tsopano wa m'munda. Amayamba mu Epulo mpaka Juni kapena Julayi, mapesi ake ndi onenepa, ofiira pobiriwira, owawasa kwambiri, ndipo amene ali ndi mnansi wolima dimba amangopatsidwa ulere chifukwa tsinde limodzi limabereka kuposa zimene banja lingathe. Mitundu yodziwika ndi Timperley Early, umene umafulumira, ndi Victoria, umene umachedwa koma umabereka kwambiri. Kubiriwira sikutanthauza kuti ndi wosapsa, ndi mtundu chabe. Ameneyu ndiye wa crumble, chifukwa mphamvu yake imapirira ufa ndi batala. Tengani magalamu 600, dulani masentimita 3, sakanizani ndi shuga magalamu 120 ndi supuni yaikulu imodzi ya cornflour. Cornflour si ufa wa nsima, ndi sitachi yosalala imene imagwira madzi. Mukaiwala imeneyi madzi amakwera n'kunyowetsa pamwamba, crumble n'kukhala ngati nsima yosapsa. Za pamwamba: fulawa magalamu 175, batala wozizira magalamu 100, shuga wabulawuni magalamu 75. Tikitani batala mu fulawa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati zinyenyeswa za buledi, n'kusiya tina tokulirapo. Batala akafewa kapena mukakanda ndi chikhatho mumapeza chibumi cholimba. Wazani mosapsinja, wotchani pa madigiri 190 kwa mphindi 35 mpaka 40, kufikira msuzi utayamba kubwata m'mphepete. Mapesi a kumapeto kwa nyengo amakhala ndi ulusi wolimba, amenewo okha ndi amene amafunika kusenda.

Jamu nayenso ndi wa wa m'munda. Rhubarb ali ndi pectin wochepa, chinthu cha m'zipatso chimene chimalimbitsa jamu, ndiye chifukwa chake jamu wake amakonda kutuluka wamadzi. Pa kilogalamu imodzi ikani kilogalamu ya shuga wa jamu, amene anathiramo kale pectin, madzi a mandimu awiri ndi jinja wopala magalamu 40. Zigone usiku wonse m'mbale. M'mawa tenthetsani pang'onopang'ono mpaka shuga asungunuke yense, kenaka kwezani moto zibwate kwambiri mpaka madigiri 105. Opanda choyezera aike sosala m'firiji, adonthezepo jamu, adikire mphindi imodzi n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya, wapsa. Mukakweza moto shuga asanasungunuke, jamu amadzachita mchenga m'botolo.

Wa m'chitini ndilibe naye mawu ambiri. Ndi wotsika mtengo, amapezeka chaka chonse, koma ndi wofewa kale, wotuwa, ndipo madzi a shuga amamiza kuwawasa kumene kumapangitsa rhubarb kukhala rhubarb. Angathandize pa crumble ya mwadzidzidzi ngati mutakhetsa madzi onse n'kuonjezera apulo mmodzi wowawasa. Wouma ndi chisanu wa m'mapaketi ndi wabwinopo kwambiri, ndipo mungathe kudzipangira nokha mu Meyi: dulani, yalani pathireyi mu firiza mpaka zilimbe, kenaka longedzani m'mapepala apulasitiki. Pophika musasungunule, thirani mu mbale zili zolimba, onjezani theka la supuni ya cornflour ndi mphindi khumi za mu uvuni.

Kwa banja la anthu anayi, mtolo umodzi wa magalamu 400 wa mumdima umakwana kudya kamodzi, chifukwa ukapsa umaphwa pafupifupi ndi theka. Gulani mu Febuluwale pamene ali wambiri ndipo mapesi ali onenepa bwino. A kumapeto kwa Malichi amakhala owonda, ochokera ku mizu yotopa, ndipo pamenepo wa m'munda amakhala watsala milungu iwiri kapena itatu kuti afike.