Kusintha Oyilo Yekha Kapena Kuchotsanso Pampu ya Haldex

Pa magalimoto monga Volkswagen Golf R, Tiguan yokoka ndi mateyala onse anayi ndi Audi S3, chipangizo cha Haldex ndicho chimatumiza mphamvu ku mateyala akumbuyo, ndipo chili ndi oyilo wakewake wosiyana ndi wa mu difu (bokosi la magiya logawa mphamvu ku mateyala awiri akumbuyo). Munthu wofuna kuchisamalira yekha ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi yachidule: kumasula bawuti yothirira kaye, kenako yokhetsera, n'kuthira oyilo watsopano mpaka atayamba kusefukira pabowo. Oyilo wake safika lita imodzi. Choopsa n'chakuti mabawuti a Haldex ndi a difu ali moyandikana, ndipo wosokoneza amakhetsa difu n'kuyendetsa galimoto difuyo ili youma.

Yachiwiri, yochotsanso pampu yopopa oyilo mu Haldex, imafuna kuleza mtima, koma ndi imene ine ndimaikhulupirira, makamaka pa Haldex ya m'badwo wachisanu, yomwe ilibe fyuluta yosintha ngati ya m'badwo wachinayi. Ili ndi kasefa kakang'ono kukamwa kwa pampu basi. Mukamasula mabawuti awiri n'kusolola pampuyo mosamala, nthawi zambiri mumapeza kasefako katamatidwa ndi phala lotuwa lochokera ku kilachi cha mkati mwa Haldex, lomwe silituluka ngakhale mutakhetsa oyilo kangati. Phalali likachuluka, pampu imavutika kukoka oyilo, mateyala akumbuyo amasiya kukoka, ndipo woyendetsa amadzazindikira akutsogolo akamaterereka pamsewu wonyowa.

Mukatsuka kasefako, ikani timphira tatsopano totsekera, bwezeretsani pampu, thirani oyilo, lizani injini kuti pampu idzaze, kenako muonjezerenso oyilo amene watsika.