Buku lija la khaki, ndi benchi ya madala a kumsika wa Blantyre

Ine ndimagwira ntchito ya ulonda cha ku Ginnery Corner, kulowa 6 koloko madzulo, kuweruka 6 koloko m'mawa. Usiku ndi wautali abale. Foni imatha moto, wailesi ikafika pakati pa usiku imangobwereza nyimbo zomwezo, ndiye chimene chimandisunga maso ndi buku. Kwa zaka ziwiri tsopano mabuku ndimabwereka kwa madala ena amene amayala mabuku a kaunjika pa benchi pafupi ndi msika wa Blantyre, mbali yotsetserekera ku Mudi.

Kachitidwe kawo n'kosavuta. Ukafuna kugula umagula, koma ambirife timabwereka: K500 pa sabata, n'kusiya chikole cha K2,000 chimene amakubwezera ukabweza buku lili bwino. Ali ndi kope lakuda m'mene amalemba dzina lako, buku limene watenga ndi tsiku lobweza. Chimene ndimawakondera n'chakuti mabukuwo amawawerenga okha. Ukangoti, "Madala, ndikufuna losagonetsa," salozera mulu wonse ayi, amapisa dzanja pansi pa katoni n'kutulutsa limodzi. Zovuta zilipo. Nyengo ya mvula mabuku ena amanunkha chinyontho ndipo masamba amamatana, komanso ikangokwana 4 koloko amakhala atalongedza kale, moti wochedwa ku ntchito sawapeza. Tsiku lina ndinatenga buku lopanda masamba omalizira, ndinazindikira 3 koloko usiku nkhani ili pachimake. Nditabwerera anapepesa, anandibwezera K500 yanga osatsutsa, n'kulichotsa pa benchi ine ndikuona.

Limene ndikufuna kunena lero ndi lija aliyense amangolitchula kuti la khaki. Chikuto chake chinatha kalekale, madala analikuta ndi pepala la khaki n'kulimata ndi selotepi. Ndi lachingerezi, nkhani yake ya ku America, masamba opitirira 400. Mumzinda wina akazi akuphedwa mmodzimmodzi, onse m'njira yofanana, mpaka akwana anayi. Apolisi amanga dalaivala wa galimoto yoperekera katundu m'makomo, chifukwa anafikapo pa nyumba zitatu mwa zinayizo. Mzinda wonse wamuweruza kale. Amene wapatsidwa kuti amuimire ndi loya wamkazi wa boma, wa anthu osatha kulipira okha, amene ali ndi milandu ina yambirimbiri pa desiki.

Liwiro lake ndiye musanene. Mitu yake ndi yaifupi, masamba atatu kapena anayi, ndipo uliwonse umathera pomwe mtima uli m'mwamba: foni yalira, mboni yasowa, chitseko chapezeka chotsekula. Umati ndiwerengeko umodzi wokha ndikazungulire mpanda, n'kupeza wadutsa isanu. Ndinalimaliza m'mausiku atatu. Chingerezi chake si cholemera, kupatula mawu a kukhothi, ndipo pamenepo wina amene analibwereka kale anatithandiza: analemba matanthauzo ndi pensulo m'mphepete, timalemba ting'onoting'ono taukhondo ngati ta mphunzitsi.

M'mphepetemo muli zambiri. Pa tsamba pamene mayi woyandikana nyumba akulumbira kuti anaona dalaivalayo usiku, wina analemba ndi bolopeni yabuluu kuti, "Mayi awa ngabodza." Pansi pake wina ndi yofiira anayankha, "Dekha, uona kutsogoloku." Anthu awiri osadziwana akukangana m'buku limodzi, mwina patadutsa miyezi. Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana timawu timeneto ndi tochi, ndikumva ngati sindili ndekha pa geti paja.

Amene ndawadziwa kuti analiwerenga sagwirizana. Achemwali anga, amene amasoka zovala ku Ndirande, analisiya pa tsamba 90. M'bukumu muli mitu ina imene wakuphayo amalankhula yekha, kufotokoza mmene amasankhira munthu, mmene amamulondolera, mmene amamvera m'thupi akamachita zoipazo. Iwo anati, "Achimwene, akazi a m'bukumu anabadwira kuphedwa basi? Chigawenga achipatsa masamba onsewa, koma wophedwayo sitikudziwa n'komwe kuti mayi ake ndani." Ndinafuna kulikhalira kumbuyo bukulo, koma nditabwerera kukaona ndinapeza akunena zoona. Wachitatu kuphedwa anangomupatsa dzina, msinkhu ndi mtundu wa tsitsi. Kwathu kuno munthu akamwalira pamakhala siwa, pamakhala nyimbo usiku wonse, adzukulu kumanda, mwambo wonse. M'bukumu mtembo ukangonyamulidwa, nkhani yathamangira kwina.

Mnyamata wina amene akuphunzira za malamulo ku Zomba ndinakumana naye pa benchi pomwepo pa holide. Iye dandaulo lake linali lina. Anati khothi lenileni siliyenda choncho, mboni yofunika siimangotulukira tsiku lomaliza aliyense osayembekeza, ndipo maloya samangodzuka n'kukalipirana mphindi iliyonse. Anati ntchito yambiri ya loya ndi mapepala ndi kudikira. Madala anamumvetsera mpaka atamaliza, kenako anati, "Mwana wanga, buku la mapepala ndi kudikira lingabwerekedwe ndi ndani pano?" Ndipo n'zoona, m'kope lakuda lija la khaki ndi limene lili ndi mayina ambiri.

Ine ndinaliwerenga ndi maso ena, chifukwa ndimakhala ku Chilobwe ndipo ndinabadwira komweko.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti zimene amaziona ngati nthano za ku America zinachitikapo pansi pa phiri la Soche pomwe pano. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera a Blantyre, ndipo mpaka lero mbiri imazitchula ndi dzina la Chilobwe. Mayi anga anali mtsikana nthawi imeneyo. Ankatiuza kuti dzuwa likangolowa kunja kunkati zii, agogo aamuna ankatsamiritsa mtondo kuchitseko n'kugona chokhala, nkhwangwa ili pambali. Galu akauwa, nyumba yonse tcheru. Mphekesera zinali ponseponse, zina zoti magazi a ophedwawo akupita ku South Africa. Mayi ankati choopsa kwambiri sichinali mdima, chinali choti unkayamba kukayikira aliyense, ngakhale mnansi amene mwapemphana naye mchere zaka zambiri. Mantha amenewo bukuli lawagwira bwino. Pali mutu wina pamene mayi wokalamba akana kutsekulira mwana wa mnzake amene wabwera kudzabwereka chinthu madzulo, akulankhula naye chitseko chili chokhoma. Pamenepo ndinamva mawu a mayi anga enieni.

Zimene zinatsatira kwathu kuno ndi zimene zinandichititsa kumukonda loya wa m'bukumu. Anthu oyamba kuzengedwa pa milandu ya Chilobwe anamasulidwa ndi Khothi Lalikulu chifukwa umboni unali wosakwanira, ndipo boma la Kamuzu Banda linakwiya. Malamulo anasinthidwa, milandu ikuluikulu monga yakupha inayamba kupita ku makhothi amakolo, kumene wozengedwa sankaloledwa kukhala ndi loya. Mu 1970 anamanga munthu wina dzina lake Walla Laini Kawisa pa milandu ya Chilobweyo, n'kumuweruza kuti anyongedwe. Gomile Kumtumanji, amene anali nduna ya chigawo chakummwera, nayenso anakodwa m'nkhani yomweyo ndipo anafera m'ndende. Makhothi amenewo anagwira ntchito zaka zoposa 20, mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Mantha a mausiku aja anasintha kaweruzidwe ka milandu m'dziko lonse.

Ndiye ndikamawerenga za loya uja akulowa m'chitokosi kukakhala moyang'anizana ndi munthu amene mzinda wonse ukufuna afe, sindinazione ngati zosangalatsa chabe. Pali malo amene dalaivalayo akumufunsa ngati akukhulupirira kuti sanaphe. Loyayo sayankha kuti inde kapena ayi. Amuuza kuti ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti boma latsimikizira mlanduwo ndi umboni, osati ndi mkwiyo wa anthu. Kunja akumutukwana, wina wamuphwanyira galasi la galimoto, mng'ono wake weniweni wasiya kumuyankhula. Ife tinaona mu 2017 mphekesera za anamapopa zitachokera cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre, anthu osalakwa akuphedwa ndi gulu popanda wowafunsa ngakhale funso limodzi. Amene anakhalapo masiku amenewo amvetsa chifukwa chake mutu umenewu ndinauwerenga kawiri.

Mbali ya kukhothi, ngakhale mnyamata wa ku Zomba anaidandaula, ine inandiphunzitsa kanthu. Kumeneko mlandu wotere amaugamula anthu wamba 12 osankhidwa mumzinda, ndipo kuti munthu apezeke wolakwa onse ayenera kugwirizana. Mitu yosankha anthu amenewa ndi yokoma kwabasi: loya akuyang'ana nkhope, akufunsa mafunso ooneka opanda pake, akufufuza amene wabwera ataweruza kale mumtima. Ndiye pali umboni wa DNA, chizindikiro cha m'thupi chosiyanitsa munthu ndi mnzake, umboni umene anthu timauona ngati sunama. Bukuli likuonetsa kuti DNA imangonena kuti munthu anakhudza chinthu, siinena kuti anachikhudza liti kapena chifukwa chiyani. Wogwira ntchito yoperekera katundu amakhudza zitseko zambiri patsiku. Pamene loya akumupanikiza katswiri wa boma ndi mafunso mpaka kuvomera mfundo imeneyi, ndinapezeka ndaimirira.

Chimene chinandiwawa ndi liwiro lomwelo limene ndalitama. Dalaivala wamangidwa, patangopita miyezi yochepa mlandu wayamba, ndipo sabata ziwiri watha. Malamulo athu aakulu amati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, koma kuonekera ndi kwina, kuzengedwa ndi kwina. Milandu yakupha imakazengedwa ku Khothi Lalikulu, kuno ndi ku Chichiri, ndipo si chinsinsi kuti oganiziridwa ambiri amakhala pa limandi nthawi yaitali, ena zaka, akudikira tsiku lawo. Akuluakulu amati mlandu suola, koma munthu amene akuudikira m'ndende thupi limatha, ana ake amakula osamudziwa. Wowerenga bukuli asaganize kuti umu ndi mmene zimakhalira paliponse. Nkhani ya chilango cha imfa nayo aithamangira. Woimira boma m'bukumu akufuna dalaivala aphedwe, koma palibe amene waima n'kulingalira kulemera kwa chinthu chimenecho. Kwathu kuno anthu anasiya kunyongedwa mu 1992, ndipo mu 2007 Khothi Lalikulu linagamula kuti si aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha amene ayenera kulandira chilango cha imfa, woweruza aziona mmene zinthu zinalili. Ndi nkhani imene anthu amakangana nayo mpaka lero, ndipo buku la masamba 400 likanatha kuipatsako mutu umodzi.

Mathero sindiulula, kuopa kulakwira amene ali pa mzere. Ndingoti masamba 30 omaliza akuthamanga ngati minibasi ya ku Limbe yomwe yaona ina kumbuyo. Zinthu zimene tazidikira usiku wonse zikumasulidwa m'mizere iwiriiwiri, ndipo loya uja, amene nkhani yonse wapambana ndi mutu, akuthera m'nyumba yamdima akulimbana ndi manja. Sizinamuyenere. Wa bolopeni yofiira uja analemba pa tsamba lomaliza kuti, "Zoona?" Ine sindilemba m'mabuku a eni, koma ndinagwirizana naye.

Kwa amene amagwira ntchito usiku ngati ine, kapena ali ndi ulendo wautali wa basi kuchokera pa Wenela, K500 yake siipita pachabe. Amene mtima wake supirira za magazi adumphe mitu ya chigawenga ija, ndi yolembedwa ndi zilembo zopendekera, yosavuta kuizindikira, ndipo nkhani imamvekabe popanda iyo. Ana a sukulu ayi, ndinawauza madala ndipo anavomera.

Ndinakabweza Lachiwiri ndikuchokera ku ntchito. Madala analitsekula kumapeto, n'kuwerenga masamba omalizira ndi chala monga amachitira masiku ano, anadula dzina langa m'kope n'kundipatsa K2,000 yanga. Ndinawafunsa ngati m'makatoni awo muli buku lofotokoza za Chilobwe, lolembedwa ndi munthu wa kuno. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti iwo nthawi imeneyo ankakhala ku Zingwangwa, anali ndi zaka 11, ndipo usiku wina bambo awo anawagoneka pansi pa bedi. Anandisunthira katoni kuti ndikhale. Mayi wina amene anali kudikira la khaki anaima nalo m'manja osachoka, nayenso akumvetsera.