Nyale za mumsewu zoyendetsedwa pa kompyuta: bokosi limodzi kapena kachipangizo pa polo lililonse?

Anzanga ogwira ntchito zamagetsi m'makhonsolo akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti agule chiyani ngati akufuna nyale za mumsewu ziziyaka zokha, iwo n'kumaziona ali mu ofesi. Za LED sindikambapo, tonse tikudziwa kuti imadya magetsi ochepa kusiyana ndi nyale zakale za sodium. Nkhani yagona pa chimene chimalamulira nyalezo.

Photocell (kachipangizo koyatsa nyale kukada) kapena wotchi yotsata kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa n'zotchipa, koma sizikuuzani kanthu. Nyale ikapsa mumvera kwa anthu odandaula.

Zopikisana zenizeni ndi ziwiri. China ndi chipangizo chimodzi chokhala ndi SIM kadi, choikidwa m'bokosi logawira magetsi, cholamulira nyale zonse za pa waya umodzi. Chimakudziwitsani fyuzi ikapsa, wina akatsegula chitseko cha bokosi, kapena magetsi akayamba kutha mosadziwika bwino chifukwa wina walumikiza mwakuba. Koma nyale imodzi ikafa, icho chimangoona kuti mphamvu yatsikako. Ndi polo liti, mukafufuze nokha usiku.

Chinacho ndi kachipangizo kokhala pamutu pa nyale iliyonse, kolowa mu soketi ya mtundu wotchedwa NEMA (ya timano 7) kapena wotchedwa Zhaga. Aka kamakuuzani nyale imene yafa, ndipo kamachepetsa kuwala pakati pa usiku kudzera mu DALI kapena 0-10V, njira ziwiri zolamulira kuwala kwa nyale. Mzinda wa Los Angeles ku America unatenga njira imeneyi mu 2015 ndi CityTouch, zipangizo ndi pulogalamu za kampani ya Philips. Dziwani kuti tizipangizoti timafuna waya wokhala ndi magetsi usana ndi usiku, apo ayi masana timakhala chete.

Pa kalumikizidwe ka zipangizozi ndi kompyuta ya mu ofesi ndidutsa msanga. Kutumiza mauthenga pa waya wa magetsi womwewo kumavuta waya akakhala wakale. LoRaWAN, netiweki yopanda waya, imafuna kuti muike ndi kusamalira ma gateway anuanu, zipangizo zolandira mauthenga n'kuwapititsa pa intaneti. Netiweki ya mafoni siivuta kuyamba nayo, koma musalole chipangizo chodalira netiweki yakale ya 2G yokha: ku America, kampani ya mafoni ya AT&T inazimitsa 2G mu 2017 ndi 3G mu 2022, pamene nyale ya LED imagulidwa kuti ikhale zaka zoposa 10.

Tsono chimene chinandiwawa ndi ichi. Pa ntchito ina imene ndinagwirako, kampani inagulitsa tizipangizo ta pa polo lililonse pa mtengo wooneka wabwino, malipiro a zaka zoyambirira za pulogalamu yoonera nyale ali mu mtengo womwewo. Zakazo zitatha, panabwera bilu ya chaka ndi chaka, yowerengedwa pa nyale iliyonse. Ndalamazo mu bajeti munalibe, ndipo kampani inatseka pulogalamu. Nyale zinapitiriza kuyaka motsata ndondomeko yomaliza imene zinapatsidwa, koma panalibenso wotha kusintha nthawi, kuchepetsa kuwala kapena kuona imene yapsa.

Tinafunsa makampani ena ngati angalandire tizipangizoto mu pulogalamu yawo. Onse anakana, poti timalankhula chinenero chodziwika kwa kampani yotipanga yokha. Ngakhale mbiri ya magetsi amene nyale zinagwiritsa ntchito zaka zonsezo inatsekeredwa komweko. Zili ngati kugula loko koma kiyi n'kumabwereka kwa wogulitsa. Mpaka lero ndikamva wogulitsa akutamanda mapu okongola a pa kompyuta asanatchule za bilu ya pachaka, mtima umandipsa, chifukwa olipira mapeto ake ndi anthu oyenda mumdima.

Ine ndili mbali ya bokosi, ndipo sindibisa. SIM kadi imodzi imasamalira msewu wonse, ndiye bilu yake siikula, komanso wamagetsi aliyense angathe kulikonza. Pogula nyale zatsopano, tengani zokhala kale ndi soketi ya NEMA kapena Zhaga, muitseke ndi kachivundikiro kake, kuti tsiku lina mudzangolowetsa tizipangizo m'misewu ikuluikulu popanda kusintha nyale.

Ngati mwatsimikiza za polo lililonse, pulogalamu yake ikhale yovomerezeka ndi TALQ, muyezo umene umalola zipangizo za makampani osiyana kuyendetsedwa pamodzi. Bilu ya pachaka ya zaka 10 ilembedwe mu kontrakiti, pamodzi ndi ufulu wotulutsa deta yanu nthawi iliyonse. Musanalipire gawo lomaliza, auzeni ogulitsawo alumikize zipangizo za kampani ina ku pulogalamuyo inu mukuona, ndipo nyale iyake ndi kuzima kuchokera pa kompyuta yanu.