Malo atatu odyera za ku Thailand kumwera kwa London: komwe ndimabwerera ndi komwe sindidzapondanso

Pa gulu lathu la WhatsApp funso ili silikutha, makamaka kuchokera kwa abale amene afika chaposachedwa: mwezi ukatha tikalandira, tikufuna kukalawa zakudya za ku Thailand, tipite kuti? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi. Kudera kwathu kuno kumwera kwa London kuli malo atatu oti munthu n'kufikako wapansi. Oyamba ndi kalesitilanti kakang'ono ka banja lina lochokera ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Thailand. Achiwiri ndi nthambi ya kampani ina yomwe ili ndi malesitilanti m'matauni ambiri. Achitatu ndi pub, malo omwera mowa, amene kuseri kwake kuli khitchini ya anthu a ku Thailand. Mayina sinditchula. Ofuna keyala andilembere kumbali.

Ndiyambe ndi a kampani, chifukwa ndi amene ndili nawo chifukwa.

Malo ake ndi okongola, zimenezo sindingakane. Nyale, mipando yofewa, achinyamata operekera zakudya aulemu. Mukatsegula menyu, mitengo ya kare (curry) wobiriwira kapena kare wa massaman imaoneka yoti munthu wolipidwa pa ola angaikwanitse. Koma mtengo umene mukuuonawo ndi wa ndiwo zokha. Mpunga uli patsamba lina, kakapu kamodzi mapaundi atatu kapena anayi, ndipo kakapuko ndi koti bambo wogwira ntchito yausiku atha kukamaliza asanayambe n'kumva kukoma kwa msuzi. Tinapita anayi, mlamu wanga ali pomwepo, ndipo tinachita kuitanitsa mpunga kawiri. Titangokhala pansi anali atatiikira kale kadengu ka timakhirisipi ta nsomba. Ife tinkayesa mphatso yolandirira alendo. Tinadzatipeza pa bilu.

Kenaka madzi. Amakufunsani mwaulemu ngati mukufuna madzi wamba kapena a gasi, ndipo lililonse limene mungayankhe akubweretserani botolo logula. Abale, dziwani kuti ku England malo aliwonse amene ali ndi chilolezo chogulitsa mowa amakakamizidwa ndi lamulo kupereka madzi a pampopi ulere munthu akapempha. Koma muyenera kutchula nokha kuti a pampopi. Iwo sangakukumbutseni.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mzere womaliza wa bilu, womwe amautcha service charge, ndalama yowonjezera yolipirira kukuperekerani zakudya. Ndi 12.5 pa 100 iliyonse, monga achitira malo ambiri mu London muno. Zakudya za mapaundi 80 zikukhala mapaundi 90. Analemba ndithu pa menyu, koma m'munsi mwenimweni, m'timalemba toti munthu wopanda magalasi aiwale. Ndiye mtsikana uja atabwera ndi kamakina kolipirira ndi khadi, kamakinako kanafunsanso ngati ndikufuna kuwonjezera tipi. Pamwamba pa 12.5 ija! Mlamu wanga anangoyang'ana kudenga. Munthu ukaitana alamu kuti ukawadyetse, sungayambe kukangana za mapaundi khumi iwo akuona, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anakonza dongosololi amawadziwa bwino manyazi amenewa.

Zoona zake ndi izi. Ngati pa menyu alemba kuti ndalamayi ndi yosakakamiza, muli ndi ufulu wonena kuti aichotse, ndipo amachotsa. Komanso kuyambira pa 1 Okutobala 2024 pali lamulo ku England, Scotland ndi Wales loti tipi yonse ndi service charge yonse zizipita kwa antchito, bwana asadulepo kanthu. Choncho mkwiyo wanga suli pa achinyamata aja. Ambiri a ife kuno timagwira ntchito zoimirira tsiku lonse, tikudziwa kuti paundi iliyonse ili ndi ntchito. Chimene ndikukana ndi kundionetsa mtengo umodzi polowa n'kundilipiritsa wina potuluka. Mukawerengera mpunga, madzi, timakhirisipi tija ndi service charge, mbale imene mumaiyesa yotchipa yakwera pafupifupi ndi theka.

Pa kalesitilanti ka banja lija mpunga amagulitsanso padera madzulo, ndinene chilungamo. Kusiyana kwake n'koti amayi a pamalopo amakuuzani musanaitanitse, ndipo akaona kuti muli angapo amati tengani mbale imodzi yaikulu mugawane, imatchipa. Masana ali ndi mbale zobwera ndi mpunga kale, dzira lokazinga lili pamwamba. Bilu amalemba pamanja, ndipo zimene mwadya ndi zimene mumalipira. Pakauntala pali kabotolo ka tipi, woponyamo aponyemo. Mowa sagulitsa. Amalola kubwera ndi wanu wogula kushopu, mukulipirapo kangachepe ka matambula, ndipo zimenezi zalembedwa pachitseko ndi zilembo zazikulu. Jagi ya madzi imafika patebulo musanapemphe.

Ku pub nkhani ya ndalama ndi yachidule: mumaitanitsa pa bala, kulipiriratu, basi. Palibe chodzidzimutsa kumapeto. Mwambo wa khitchini ya ku Thailand mkati mwa pub ndi wakale ndithu mu London. Churchill Arms ya ku Kensington, ija yokutidwa ndi maluwa kunja konse, yakhala ikuphika chomwechi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ma pub ambiri anatengera.

Tsopano kakomedwe. Ine malo a zakudya za ku Thailand sindiwayesa ndi pad thai. Pad thai ndi chakudya cha ma noodles okazinga chimene boma la nduna yaikulu ya Thailand, Plaek Phibunsongkhram, linachilimbikitsa m'zaka za m'ma 1940, ndipo lero n'chimene mlendo aliyense amayamba kuitanitsa, motero malo ambiri amachithira shuga wochuluka kuti asakhumudwitse aliyense. A kampani amatero: bwemba samveka n'komwe, mtedza wosinja ali pambali pang'ono, zonse kutsekemera. Wa ku pub ndi wabwinopo, wotentha, wochokadi pamoto. Choyesera changa ndi pad kra pao, nyama yogaya yokazinga ndi adyo, tsabola ndi masamba onunkhira otchedwa kra pao. Masamba amenewa ndi ovuta kuwapeza kuno ndipo amafota msanga, ndiye ambiri amaika mtundu wina wa masamba wotsekemererako. Amayi a ku Isan aja akakhala kuti alibe enieniwo amanena, n'kukulangizani kuti lero idyani china. A kampani sanganene, chifukwa amene akukuperekerani sanalowe n'komwe kukhitchini.

Koma chimene chinandigwira pa kalesitilanti kaja ndi khao niao, mpunga womata wa ku Isan ndi ku Laos. Amauphika ndi nthunzi, osati kuwiritsa m'madzi, n'kuubweretsa m'kadengu kansungwi kovindikira. Mumatema ndi dzanja, kuumba kambamu m'chikhatho, n'kususa ndiwo monga tichitira ndi nsima. Amayi aja atandiona ndikudya chomwecho anabwera ndi kambale ka madzi osamba m'manja, ndipo kuyambira pamenepo sanandipatsenso foloko. Ndiwo zake ndi gai yang, nkhuku yootcha pamoto; larb, nyama yogaya yothira mandimu, anyezi ndi ufa wa mpunga wokazinga; ndi som tam, papaya wosapsa wopalidwa, wosinjidwa mu mtondo ndi tsabola, adyo, tomato ndi mandimu. Mtondowo mumaumva uli kugunda kukhitchini mutangoitanitsa. Som tam amapanga mitundu iwiri. Wa ku Bangkok ndi wotsekemerako, wa mtedza. Wa ku Isan amathira pla ra, nsomba zosungidwa mu mchere kwa miyezi mpaka kusasa. Fungo lake ndi lamphamvu. Azungu ambiri amabwerera pomwepo, koma munthu amene anakulira kunyanja sangachite nalo mantha. A kampani ndi a ku pub onse alibe pla ra. Khao niao wa kampani amabwera atakulungidwa m'kapulasitiki, m'mphepete mouma.

Za tsabola musadzitame. Ife a Nali timalowa ndi matama, koma amayi aja akafunsa kuti tsabola angati, kwa tsiku loyamba nenani awiri. Ndi timatsabola ting'onoting'ono toluma mochedwa. A kampani amajambula tsabola atatu pa menyu koma mwana wa sukulu atha kudya osamwa madzi. Ku pub pemphani prik nam pla, msuzi wa nsomba wodulira tsabola, muzithira nokha.

Pali chinthu chimodzi chomwe a kampani amaposa onse, ndipo ndichinena ngakhale mtima sukufuna. Ali ndi chikalata chosindikiza chosonyeza zomwe zili m'chakudya chilichonse mwa zinthu 14 zimene lamulo la kuno limati ogulitsa zakudya azidziwitsa anthu, monga mtedza, nsomba, mazira, soya ndi zam'nyanja za zikamba. Kwa amene thupi lawo limadana ndi mtedza izi si zamasewera, poti massaman, satay (nyama yootcha pa timitengo) ndi pad thai zonse zili ndi mtedza. Abale athu a Seventh Day ndi Asilamu samalaninso. Zosinja zopangira msuzi wa kare nthawi zambiri zimakhala ndi phala la tizilombo ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu, zokazinga zambiri amathira msuzi wa nkhono za m'nyanja, ndipo larb ndi pad kra pao mukapanda kunena amaphika ndi nkhumba. Kwa amayi aja muyenera kufunsa pakamwa, pang'onopang'ono, kapena kudikira mwana wawo wamkazi amene amathandiza madzulo. Ku pub wogulitsa mowa amachita kuthamangira kukhitchini kukafunsa.

Ukhondo: onse atatu amata chikwangwani chobiriwira cha Food Standards Agency (bungwe la boma loona za ukhondo wa zakudya), chija cha manambala 0 mpaka 5. Ku England kumata n'kosakakamiza, ndiye malo amene sanamate, yambani mwaona pa intaneti.

Phokoso ndilo limagwetsa pub. Loweruka masana kukakhala mpira wa Premier League simungamvane, ndipo ana madzulo saloledwa kukhalitsa. Ndi malo abwino mukakhala awiri mwaweruka kuntchito, njala ikuwawa, mukufuna kudya n'kumapita. Zoitanitsa kudzera pa foni ndazisiya kulikonse: mitengo imakwera, ndipo khao niao akazizira panjira amauma gwa.

Ndiye mukandifunsa, alendo anga ndimapita nawo kwa amayi a ku Isan, pub ndi ya masiku otopa, ndipo a kampani aja ndalama yanga anaidya komaliza. Kalesitilantiko matebulo ndi ochepa, Lachisanu ndi Loweruka imbiranitu foni masana. Lolemba satsegula.